Chikho cha Kokonati Chimene Ndinadzala

Dzulo mwana wanga anandionetsa pa foni zikho za kokonati zosemedwa mwaluso kuzilumba zakutali. Chionereni, mtima sukukhala m'malo.

Bambo anali nacho chotero, chakuda bii, chonunkhira mafuta, m'mbali muli tinsomba tojambula ndi nsonga ya mpeni. Amene anachisema ndi agogo, bambo awo, kwawo ku Mozambique. Akamweramo thobwa, bambo ankayang'ana kumpata wa phiri la Michesi n'kunena kuti, "Kwathu mitengo yake imagunda mitambo." Sabata isanathe ankanyamuka, miyezi osaoneka.

Ine ndinkayesa kuti chimawakoka ndi mtengowo. Atachoka ulendo wina, ndinakwirira chikhocho kuseri kwa nkhokwe, n'kumathirira m'mawa uliwonse.

Atabwera anasanthula nyumba yonse. "Iwe Mariya, chikho changa chili kuti?"

"Ndinadzala, bambo. Chikamera simudzapitanso."

Anafukula ndi manja, n'kupeza chitasweka, chiswe chitadya kale tinsomba tija. Sanandimenye. Anangokhala padothi pomwepo, zidutswa zili m'manja.

Chaka chimenecho sanapite kulikonse, ine n'kumanyadira kuti mbewu yanga yagwira. Lero ndi pamene ndikudziwa kuti ndinakwirira chinthu chokhacho chimene bambo awo anawasiyira.