Kasupuni ndi Bowa wa Pachitsa

Mwana wanga wamkazi timamutchula kuti Kasupuni. Dzina lenileni ali nalo, ndinamupatsa ndine, koma ngakhale anthu obweretsa nsalu kuti awasokere amaima pageti n'kufunsa kuti, "A Kasupuni alipo?" Ndi telala, ndipo kolala ya yunifolomu imene wasoka iye mukhoza kuizindikira mwana ali patali.

Dzinali linabwera ali wamng'ono. Tsiku lina ndinamusiyira mlongo wake wakhanda kuti amudyetse phala, ine ndikuchapa. Phalalo linali lisanazizire pakati, mwana anapsa lilime, analira mpaka mawu kutha. Sindinamumenye Kasupuni, sindinamukalipire n'komwe. Koma kuyambira tsiku limenelo panalibe chinthu chofika pakamwa pa mlongo wakeyo chisanadutse pakamwa pake. Ankayenda ndi kasupuni m'thumba la diresi. Anthu ankati ndi wadyera. Sankamudziwa.

Lero ndi mayi wa ana awiri, koma sanasinthe. M'thumba la epuloni yake muli tepi, choko ndi supuni. Mkaka amalawa. Mankhwala a chifuwa a ana amalawa. Madzi akabwera pampopi pambuyo posowa, kapu yoyamba amamwa yekha n'kudikira kaye. Ine ndimanyadira mwana wanga, ndipo amene angamunene zoipa akumane kaye ndi ine. Koma khalidwe lomweli ndi limene linatsala pang'ono kundilanda mwana.

Ndimakhala nawo kuyambira pamene mwamuna wanga anatisiya. Mkamwini wanga amakonza mafiriji. Ndi munthu wabwino, samwa, sakweza mawu kwa mkazi wake. Matenda ake ndi amodzi: nkhani za makina. Tikakhala patebulo, mpunga ukuzizira, iye ali kalikiliki kutifotokozera zimene wamva pawailesi, za magalimoto oyenda opanda dalaivala, za makina oyankha mafunso ngati munthu. Mdzukulu wanga wamkulu, amene timamuti Loya chifukwa sagonja pa mkangano, amamutsutsa bambo wakeyo mpaka kuseka tonse. Wamng'ono, Bwana, amangodya.

Mvula itangoyamba, mkamwini anabwera ndi chatsopano. Anati foni tsopano ikutha kudziwa dzina la chomera chilichonse, bola uchijambule. Ndinamuyesa dala. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba, ndikumulozera duwa ili, udzu uwu, ngakhale kambalame kamene kamatera pachingwe choyanikira zovala. Zonse foni inatchula molondola. Ndinena zoona, ndinagoma. Ine ndakalamba ndikuona kambalameko osakadziwa dzina, koma kachinthu kopanda maso kanangokayang'ana kamodzi.

Pawindo la khitchini yathu pamaoneka chitsa cha mtengo umene tinadula chifukwa mizu yake inkang'amba khoma. Mtengo ukadulidwa sufa msanga, umapitiriza zake pansi pamene ife sitiona. Sabata imeneyo ndinaona tinthu toyera titatukula dothi mozungulira chitsacho. Ndinati ndidzatizula, kenako ndinaiwala.

Loweruka m'mawa ndinapita kumsika, pobwerera ndinadzera kwa mnzanga wodwala miyendo, tinacheza mpaka dzuwa kukwera. Nditalowa pageti ndinamva fungo labwino la anyezi ndi tomato, ndi lina pansi pake, fungo la dothi lonyowa. M'khitchini ndinapeza Kasupuni akutsuka mbale. Mbale imodzi yokha. Mphika unali wovundikira, koma sunali pambaula kapena patebulo. Unali pamwamba pa kabati, pamene mwana sangafikire ngakhale atakwera mpando.

"Mumphikamo muli chiyani?"

"Ndiwo za masana, amayi."

"Ndiwo za masana zimakwera kabati?"

Anaseka pang'ono, osandiyang'ana. "Ndi bowa. Bambo a Loya anazula m'mawa pachitsa paja asanapite kuntchito. Foni yati ndi wodyedwa."

"Ana adya?"

"Ayi. Ndati ndione kaye."

"Uone bwanji?"

Ndinayang'ana mbale ija m'manja mwake, ndipo ndinazindikira.

"Iwe mwana iwe, wadya wochuluka bwanji?"

"Mbale imodzi basi. Kulawa ndi supuni sikukanathandiza, amayi, ana amadya mbale yodzaza. Ndadya m'mawa ndithu, onani dzuwa pamene lafika. M'mimba muli zii, mutu suwawa, ndasoka masiketi awiri. Ndi wabwino. Akangobwera bambo awo ndipakula."

Ine bowa sindimudziwa, ndisaname. Ndinakulira m'tauni, wanga ndimagula kwa amayi amene ndawadziwa zaka zambiri. Koma chinthu chimodzi ndimachidziwa, ndipo sindinachiphunzire m'buku. Ndili kusukulu ndinkakhala desiki imodzi ndi mtsikana wina wamanzere, tinkagundana zigongono polemba. Kwawo anadya bowa. Iye anabwera kusukulu ali bwinobwino, anasewera nafe mpira pa buleki, akutiuza mmene ndiwozo zinakomera. Sabata isanathe ndinali ndekha padesikipo, ndipo nyumba yawo inatsekedwa. Bowa woipa kwambiri safulumira. Amakusiya useke kaye.

Ndinamuuza zimenezi Kasupuni. Nkhope yake inasintha, koma osati chifukwa cha iye mwini. Maso ake anapita kumphika, kenako kupabwalo kumene ana ankasewera.

"Ndikanawapatsa," anatero motsitsa mawu. "Amayi, ndikanawapakulira ndi manja angawa."

Nthawi yomweyo geti inalira. Mkamwini analowa ndi chikwama chake cha zida, akununkhiza m'mwamba ngati mwana. Bwana anamuthamangira, Loya pambuyo.

"Eee, fungo ili! Apongozi, lero mudya ngati kuhotela, ndiwo zaulere za pakhomo pomwe pano!"

"Bambo a Loya," ndinatero, "ikani chikwamacho pansi, mukapemphe galimoto kwa aneba. Tikupita kuchipatala."

"Wadwala ndani?"

"Akazi anu adya bowa wanu uja."

Anaseka, natulutsa foni. "Amayi, musade nkhawa. Ndinajambula kawiri, pamwamba ndi pansi. Onani, dzina lake ili, chithunzi chake ichi, ndi yemweyu ndendende. Si paja munaiyesa nokha?"

"Ndinaiyesa pa maluwa. Maluwa sitidya."

"Koma yanena kuti..."

"Tsitsani m'munsi, bambo a Loya," anatero Kasupuni. "Muli timawu ting'onoting'ono. Ndinawerenga muli kubafa."

Anatsitsa ndi chala. Ndinaona milomo yake ikuyenda. Timawuto tinkati foniyo ikhoza kulakwitsa, munthu asadye kanthu podalira chithunzi chokha.

"Ndiye unawerenga, n'kudyabe? Bwanji osandiuza?" anafunsa mkazi wake.

"Munali mutasangalala. Munagwada m'matope ndi buluku la kuntchito, mukuti mayi anu malemu ankakuphikirani wotere. Ndikanati titaye mukanakhumudwa. Ndikanapatsa ana osadziwa, sindikanatha. Ndiye ndinati m'mimba mwanga mutiuze."

Mkamwini anaweramitsa mutu. Ndinali nditakonza mawu oti ndimulase nawo, mawu akuthwa ndithu, koma nditamuona choncho ndinawameza. Anatuluka akuthamanga, nsapato imodzi yosamanga.

Ndinatsitsa mphika, ndinaumanga m'nsalu. Ndinafukula m'bini, ndinatola timiyendo ta bowa tosaphika n'kutikulunga m'pepala. Ana ndinawapatsa buledi ndi tiyi, n'kuwasiya kwa mkazi wa aneba. Bwana analira chifukwa ankafuna ndiwo zonunkhira zija. Loya sanatsutse kanthu tsiku limenelo, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira kwa mng'ono wake.

M'galimoto Kasupuni ankachita manyazi. "Tikukangowatayitsa nthawi anthu. Afunsa kuti mukumva bwanji, ine ndidzati ndakhuta."

"Udzatero kumene," ndinamuyankha, "ndipo ine ndidzalankhula zotsalazo."

Namwino wa pakhomo anayambadi kutiyang'ana ngati anthu osowa chochita. Koma nditamasula pepala lija anasiya kulemba, anaitana dokotala. Dokotalayo anali mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anatembenuza timiyendo tija ndi cholembera, osatigwira ndi manja. Anafunsa nthawi imene anadya, anafunsanso ngati pali wina amene walawako.

"Palibe," anatero Kasupuni.

"Dzina la bowayu sindingalumbire," anatero dokotala. "Pali wabwino ndi woipa amene amafanana ngati mapasa. Koma kunyumba simubwerera lero, mayi."

Anamumwetsa mankhwala akuda bii ngati makala osungunula, anamuika diripi, anamutenga magazi. Iye ankangodandaula za mayunifolomu amene analonjeza kupereka Lolemba. Ine ndinakhala pampando wachitsulo pambali pa bedi, ndikuyang'ana nkhope yake ngati mmene umayang'anira mkaka pamoto. Akayasamula, mtima wanga unkadumpha. Akakanda mphuno, ndinkaimirira. Pena ndinkadzinyenga kuti mwina foni inanena zoona, mawa tidzaseka.

Dzuwa litapendeka anasiya kulankhula pakati pa chiganizo. Anati, "Amayi, beseni."

Zimene zinatsatira sindilemba zonse, ndi mwana wanga ndipo ali ndi ulemu wake. Anasanza, anatsegula m'mimba, mpaka thupi linatsala ngati nsalu yofinyidwa. Mkamwini anaima pakhomo la wodi atagwira chipupa, akungobwereza kuti, "Ndine, apongozi, ndine." Ndinamuuza kuti apite akaone ana, kulira adzalira tikadziwa cholirira.

Choopsa kwambiri chinabwera pambuyo pake, ndipo chinabwera chikumwetulira. Kusanza kunaleka. Kasupuni anadzuka, anapempha tiyi, anayamba kuseka mmene makatani a m'wodimo anasokedwera mokhota. Mwamuna wake anathokoza Mulungu mokweza. Koma ine ndinkayang'ana dokotala, ndipo dokotala sankamwetulira. Ananditengera pakhonde n'kundiuza kuti poizoniyo wachoka m'mimba, tsopano ali m'chiwindi, ndipo magazi ndiwo adzatiuze ngati chiwindicho chilimbe. Ndinakumbukira mnzanga wamanzere akusewera mpira.

Maso a mwana wanga anasanduka achikasu. Anayamba kugona kwambiri, ndipo nthawi ina atadzuka ananditchula dzina la kasitomala wake. Ndaikapo mwamuna m'manda, ndaikapo makolo, koma mantha ngati amenewo ndinali ndisanawaonepo. M'mawa uliwonse ankabwera kudzatenga magazi, masana dokotala ankabwera ndi yankho, ndipo ine ndinaphunzira kuwerenga mayendedwe ake ali kumapeto kwa wodi. Akamayenda pang'onopang'ono, ndinkagwira chitsulo cha bedi.

Pawindo la wodiyo pankaoneka kapinga, mvula ikugwa bwinobwino, ndipo pansi pa mtengo wina panali patamera tinthu toyera tomwe tija. Tokongola, toyera ngati mazira osenda. Ndinaganiza kuti dothi silidana nafe, komanso silitidziwa. Limatulutsa chakudya ndi imfa pamalo amodzi, zovala zofanana, ndipo silifotokozera munthu kapena foni.

Tsiku lina dokotala anabwera akuyenda mofulumira. Anati magazi ayamba kubwerera m'malo. Anatinso tikanadikira kuti ayambe kudwala kaye, kapena akanakhala mwana wamng'ono amene anadya mbale imeneyo, bwenzi tikukamba zina. Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pasimenti ponyowa, ine mayi wamkulu, ndinalira anthu akundidutsa.

Anabwerera kunyumba ataonda, mphete ikuvuka yokha pachala. Tinapeza mkamwini atakumba chitsa chonse, manja ali matuza okhaokha, panatsala dzenje. Nkhani za makina akadali nazo, koma masiku ano akayamba amayang'ana kaye mkazi wake. Bowa uja sanathe. Mizu ya mtengo inatsala pansi, ndipo mvula ikagwa amatulukira pena, m'mbali mwa mpanda. M'mawa uliwonse, Bwana asanadzuke, ndimazungulira bwalo ndi khasu ndi ndowa.

Supuni ija ndinaichotsa m'thumba la epuloni ali kuchipatala, ndinaibisa m'sutikesi mwanga. Ndinati zatha, mwana wanga sadzakhalanso choyesera cha munthu.

M'mawa wake woyamba kunyumba ndinaphikira ana phala. Kasupuni anakhala pampando wa m'khitchini atafunda bulangete. Nditapakula mbale ya Bwana, ndinaona dzanja la Kasupuni likulowa m'thumba, likufufuza, osapeza kanthu. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali.

Ndisanatembenuke, Loya anakoka mbale ya mng'ono wakeyo. Anatunga phala ndi supuni yake, anauzira, analawa, n'kukhala phee ngati akumvetsera chinachake m'mimba mwake.

"Iwe, ukutani?" ndinamufunsa.

"Ndikuona kaye, agogo."

Bwana anatambasula dzanja, koma Loya anaigwirabe mbaleyo.

"Dikira," anatero. "Sindinamve bwinobwino."