Wonyamula Tiyi wa ku Chinzombo

A Boston Chulu a ku Chinzombo anakalambira kumbuyo kwa mzere. Amene sadziwa ntchito ya m'maloji a kuno ku Luangwa amve bwino. Alendo akamayenda pansi m'tchire kukaona nyama, kutsogolo kumakhala sikauti ndi mfuti yake, kenako gaidi wolankhula Chingerezi, kenako alendowo mmodzimmodzi. Kumapeto kwenikweni kumabwera munthu wobereka chikwama cha ketulo, makapu ndi mabisiketi. Ntchito yake n'kumacheuka kuti njovu kapena njati isawadzere kumbuyo, ndipo akafika pamthunzi, kukoleza moto n'kuphika tiyi. Munthuyo anali a Boston, kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi mbuu.

Anyamata ankabwera, n'kunyamula ketulo pang'ono, n'kulemba mayeso a ugaidi, n'kupita kutsogolo. A Boston sukulu inawakana kalekale, ndiye ankangowapatsa njira. Nyalugwe akaoneka, iwo ankangomva manong'onong'o akuti "uyo, uyo", pofika pamalopo n'kupeza mapazi okha. Chimene ankachidziwa bwino ndi misana ya azungu, yonyowa thukuta ndi yopsa ndi dzuwa. Zinkawawawa, koma sankauza munthu.

Maondo atayamba kukana, Madamu Pamela, mwini loji, anawaitana.

"A Boston, chaka chino mupume," anatero Madamu. "Koma choyamba tipite nanu ku Mulanje, ku Malawi, mukaone kumene amalima tiyi amene mwakhala mukutiphikira. Kumeneko mukakhala mlendo, osati wantchito."

Tsiku limenelo njinga anaipalasa ngati mnyamata. Atafika kunyumba anapeza akazi awo, a Cathrine, akusankha mtedza pakhonde.

"Amake Kondi, ulendo uno ndikayenda kutsogolo," anatero asanatsike n'komwe. "Ndikaona ndi maso anga, osati kuuzidwa."

A Cathrine anakawagulira shati yobiriwira pamsika wa ku Mfuwe, ndipo nkhaniyo anaifalitsa mpaka kwa abale awo ku Nsefu.

Ananyamuka nthawi ya dzinja, loji itatsekedwa. M'galimoto munali Madamu, amuna awo ndi anzawo ochokera kunja. Anadutsa Chipata, anaoloka malire, ndipo atafika ku Mulanje anapeza minda ya tiyi yosalala ngati yometedwa ndi lumo. Koma phirilo silinkaoneka. Nkhungu inali italifunditsa lonse.

M'mawa mwake anayamba kukwera kupita pamalo poonera. Wowatsogolera wa kumeneko anawachenjeza kuti nyengo imeneyi phiri limatseguka kamphindi kochepa, ndiye likaoneka aliyense aone msanga. Kenako anati, "Madala, tsogolani." A Boston anatsogoladi. Kutsogolo kwawo kunalibe chipewa cha munthu, kunali njira yokha.

Sanapite patali. Mnzawo wina wa Madamu anayamba kupuma wefuwefu ndi chikwama cha zakudya ndi ketulo.

"A Boston, tamuthandizani pang'ono chabe," anatero Madamu, mwaulemu ndithu.

Palibe amene anawakalipira, ndipo n'chimene chimandikwiyitsa. Chikwama chitangokhudza msana, miyendo inakumbuka malo ake. Anapatuka, onse n'kudutsa, iwo n'kutsatira pambuyo. Anakwera mtunda wonsewo akucheuka, kulondera njovu kumalo kopanda njovu.

Pamwamba panali pozizira, ponseponse mbee.

"Pano pakanakhala tiyi wa a Boston, bwenzi zili bwino," anatero Madamu akupekesa manja.

Sanawatume. Koma munthu amene wamva mawu otero moyo wake wonse sadikira kutumidwa. A Boston anatola tinkhuni, n'kugwada patsinde pa mwala pobisalira mphepo. Nkhuni za kumeneko si mupani wa kwathu woyaka msanga. Zinali zonyowa, zongofuka. Anauzira, anauziranso, utsi uli tho m'maso, misozi ili chuchuchu.

Ndiye anamva kumbuyo kwawo, "Ilo, ilo!" Mafoni anayamba kulira, anthu akuitanizana kuti ajambulidwe. Moto unali utangogwira kumene, ndipo wonyamula tiyi sasiya moto wongogwira, umazima. "Ndingomaliza," anadziuza. Anauzira mpaka malawi anakwera, anatereka ketulo, anapukuta maso ndi mkono wa shati yatsopano, n'kuimirira.

Nkhungu inali itabwerera. Inakhala choncho mpaka tsiku lonyamuka. Tiyi uja onse anamuyamikira kwambiri, akuti sanamwepo wokoma chotero, ndipo panalibe amene anafunsa ngati wophikayo anaona kanthu.

Kunyumba a Cathrine atafunsa za ulendo, a Boston anangoti kumazizira. Patapita masabata, galimoto ya loji inabweretsa mphatso yochokera kwa Madamu, chithunzi chachikulu cha m'galasi. Aneba anasonkhana kudzaona. Munali azungu akumwetulira, pamwamba pawo phiri lakuda lofika kumwamba, mathithi akutsika ngati ulusi woyera.

"Koma kuli malo kunjaku," anatero a Cathrine. "Nanga inu, atate ake Kondi, muli pati?"

A Cathrine anayendetsa chala mpaka pakona, pamene panali shati yobiriwira imene anagula okha. Unali msana wa munthu wogwada, mutu uli pansi. Phiri lonse linali pamwamba pake penipeni. Akanangodzutsa mutu.

Chithunzicho a Cathrine anachilowetsa kuseri kwa kabati, ndipo chidakali komweko. Masiku ano a Boston amakhala pakhonde kuongola maondo. Tiyi anasiya kumwa. Wina akawafunsa ngati n'zoona kuti anafika ku Mulanje, amavomera. Akawafunsa kuti phirilo n'lotani, amati, "Ndinamva kuti n'lokongola."