Maso a Dyna Sanali Aulesi

Inu amene munauzidwapo kuti mutu wanu sugwira, bwerani pafupi mumve za Dyna wa ku Marka, kumalire a Malawi ndi Mozambique.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Dyna anali akadali mu Sitandade 8, mayeso atamukana kawiri. M'kalasi monse wamtali anali iye. Tsiku lina aphunzitsi anamuimiritsa kuti awerenge ndime imodzi mokweza. Anayamba bwino, koma pa liwu lachitatu anakakamira. Anabwerera poyambira, n'kukakamiranso. Thukuta linayenderera m'khosi. Ana anaphulika ndi phwete.

"Khala pansi," anatero aphunzitsiwo. "Maso uli nawo, koma ndi aulesi."

Dyna sanakhale pansi. Anatuluka osatenga ndi chikwama chomwe, ndipo sanabwererekonso.

Makolo ake anali atamwalira kalekale. Ankaleredwa ndi amalume ake, a Wiliyamu, msodzi wa m'dambo la Ndinde. Iwo sanamukalipire. Anangoti, "Mwanawe, sukulu si ya aliyense. Tenga dengu uzikagulitsa nsomba za mphende ku Nsanje. Mwamuna akapezeka tidzaona."

Mawu ofatsawo anamulasa kuposa phwete la anzake, chifukwa naye anali atayamba kukhulupirira kuti ndi mbuli.

Zaka zinadutsa Dyna ali pamsika wa Nsanje, akuingitsa ntchentche pa nsomba. Pakamwa pokha panali pakuthwa. Wobwera ndi Chisena ankamuyankha m'Chisena, wa Chimang'anja m'Chimang'anja, ndipo wochokera kutsidya ku Mozambique ankamuponyerako Chipwitikizi cha pamsika. Koma akaona chikwangwani, ankayang'ana kumbali ngati waona munthu yemwe anayambana naye.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzagula nsomba. Anali Mayi Estere, mphunzitsi wa kuyunivesite, amene anali pa kafukufuku wa mmene ana a m'chigwa cha Shire amamvera ndi kuwerengera. Anaima pambali kumvetsera mmene Dyna ankasinthira zilankhulo, kenako anamuyandikira.

"Ndikufuna wondimasulira polankhula ndi ana a Chisena. Mungandithandize?"

"Ine sukulu ndinalephera, amayi."

"Sindinafunse za sukulu. Ndafunsa za pakamwa panupo."

Umu ndi mmene Dyna anakumanira ndi kachipangizo kamene kanatembenuza moyo wake. Kanali kotalika ngati rula, ndipo ankakamata kumunsi kwa galasi la laputopu. M'kati mwake munali tikamera totsatira diso la munthu. Mwana akamawerenga, pagalasipo pankayenda kadontho kofiira kosonyeza pamene diso laima, pamene ladumpha, ndi pamene labwerera m'mbuyo.

Mayi Estere anamufotokozera kuti diso powerenga silisesereka ngati bwato pamadzi. Limadumpha ngati chule, n'kuima, n'kudumphanso. Pamene laima nthawi yaitali, pamenepo ndi pamene ubongo ukuvutikira.

Dyna ankamasulira, koma mtima wake unali pa kadontho kaja. Tsiku lina ana atapita, analimba mtima.

"Amayi, ndiyeseni nane."

Anakhala pampando, n'kuyamba kuwerenga. Atamaliza, Mayi Estere anamuonetsa ulendo wa maso ake. Kadontho kankapita patsogolo pang'ono, n'kubwerera, n'kuzungulira pa liwu limodzi ngati nyerere yosokera. Dyna anabisa nkhope m'chitenje. Manyazi ake onse anali pagalasi, poyera.

"Musachoke," anatero Mayi Estere. "Kwatsala kwina."

Tsopano pagalasi panabwera zithunzi: galu, khasu, bwato, mpando. Dyna anauzidwa kuti angomvetsera basi. Mawu anamveka m'laputopu: "Msodzi akupalasa..." Liwu loti bwato lisanatuluke, kadontho kanali katatera kale pa bwato. Anayesa m'Chisena, zinali chimodzimodzi.

"Taonani," anatero mayiwo. "Chiganizo chisanathe, inu mwadziwa kale kumene chikupita, m'zilankhulo ziwiri. Munthu wopanda nzeru sachita zimenezi. Nanga kowerenga kuja, diso laulesi lingamabwerere pa liwu limodzi mobwerezabwereza? Lanu likumenya nkhondo. Chikukuvutani ndi kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake, ndipo chimenecho chimaphunzitsika."

"Makinawa angandichiritse?"

"Ayi. Iwo amangoonetsa. Ntchito ndi yanu."

Dyna anakwera minibasi ya ku Marka. Atafika anagwada pafupi ndi amalume ake, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo.

"Malume, ndikubwerera kusukulu."

"Msinkhu umenewu? Ukakhale pansi ndi tiana?"

"Ndikakhala, malume."

Ndipo anakhaladi. Analembetsa pasukulu ina ya paboma la Nsanje. M'mawa anali m'kalasi, masana pamsika. Ana ankamutchula kuti Agogo, iye n'kumangoyankha. Mayi Estere asanachoke anali atamuphunzitsa kuduladula mawu, kuomba m'manja pa chidutswa chilichonse mpaka liwu litamveka lonse. Dyna anaboolanso kazenera pa katoni ya sopo kuti aziona mzere umodzi pa nthawi. Ndime imene anzake ankamaliza msanga, iye ankalimbana nayo mpaka nsomba zitatha m'dengu.

Chaka chimenecho Sitandade 8 inagonja.

Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho, kutchalitchi kwawo ku Marka anafunsa wowerenga mawu a Mulungu. Dyna anaimirira. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, koma sanakakamire paliponse. Atakweza maso anaona amalume ake akupukuta nkhope ndi chipewa. Kuyambira tsikulo nkhani ya mwamuna sanaitchulenso.

Musaganize kuti njira inasalala. Mayeso a Fomu 4 ulendo woyamba Chingerezi chinamugwetsa. Analira, n'kubwerera ku dengu lake, anthu akunong'onezana kuti tinanena ife. Chaka chotsatira analembanso, ndipo anakhoza moti anasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira za zilankhulo ndi uphunzitsi.

Sabata yoyamba anakagogoda pa ofesi ina. Mayi Estere, tsitsi litayamba imvi, anamuyang'ana osamuzindikira.

"Ndine wa mphende uja, amayi. Ndabwera kudzaphunzira kugwira kamakina kaja."

Mayiwo anaimirira mwadzidzidzi mpaka mpando kugwa, n'kumukumbatira.

Pofika chaka chomaliza, Dyna anasankha kukachita kafukufuku wake kwawo kuchigwa, m'sukulu za kwa Lundu ku Chikwawa, pafupi ndi minda ya nzimbe. Kumeneko anakumana ndi zina. Kutentha kunkazimitsa laputopu dzuwa likangokwera. Kuwala kolowera pazenera kunkasokoneza tikamera. Anatchinga mazenera ndi zitenje, n'kumayamba ntchito m'mamawa kusanatenthe.

Vuto lalikulu linali mphekesera. Inafala yoti kamakinako kamayamwa maso a ana. Makolo anakaniza ana awo, ndipo kwa masabata angapo Dyna ankangokhala yekha m'kalasi lopanda munthu. Nthawi yopereka kafukufuku inkayandikira. Akanalephera, digiri yonse ikanaima.

Sanathawe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankayenda khomo ndi khomo laputopu ili m'chikwama, n'kumakhala patsogolo pa kamera iye mwini kuti anthu aone kuti maso ake ali bwinobwino. Ena ankaseka, ena ankamuthamangitsa.

M'mawa wina kusukuluko kunafika bambo wina, zovala zili bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha. Anali a Geresomo, wodula nzimbe, amene anali atangosamuka ndi banja lawo kuchokera ku Nsanje. Anabwera kudzachotsa sukulu mwana wawo wamkazi, Yamiko. Chiyambireni sukulu, mtsikanayo anali asanayankhepo funso ngakhale limodzi, ndipo anthu ankati m'mutu mwake simuli bwino.

Dyna anawalonjera m'Chisena. Bambowo anadzidzimuka, nkhope n'kumasuka pang'ono.

"Bambo, musanapite naye, ndiloleni ndimuone kamodzi kokha. Inu muime pambali pakepo. Mukaona choipa, mutseke laputopuyi ndi dzanja lanu."

A Geresomo anaganiza, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Yamiko anakhala pampando, zithunzi zinabwera. Mawu anati, "Galu." Kadontho kofiira kanayendayenda, kosadziwa kotera. Anati, "Bwato." Chimodzimodzi. Bambowo anausa moyo, n'kugwira mwana paphewa kuti azipita.

"Dikirani," anatero Dyna, n'kusintha chilankhulo cha m'laputopu kuti chikhale Chisena.

Mawu anati, "Mwanambwa." Kadontho kanalumpha n'kutera pa galu. Anati, "Mwadiya." Kanatera pa bwato. Chithunzi ndi chithunzi, chiganizo ndi chiganizo, kosaphonya.

"Bwerezani," anatero a Geresomo.

Dyna anabwereza. Kadontho sikanaphonyenso.

"Ndiye kuti mwanangayu amamva?"

"Amamva zonse, bambo, ndipo amamva msanga. Chimene sanachizolowere ndi chilankhulo cha m'kalasi. Mpatseni nthawi."

Bambo wamkulu uja anagwada pansi pa simenti, n'kuyang'ana mwana wake ngati akumuona koyamba. Kenako anamunyamula, kumukhazika pakhosi, n'kutuluka naye panja akufuula mothokoza m'Chisena, "Takhuta! Takhuta!" Anazungulira naye bwalo lonse la sukulu, ana akutuluka m'makalasi kudzaonerera, mwaye uli bii pa diresi la mwanayo.

Kutacha, Dyna anapeza mzere wa makolo pakhomo, aliyense atagwira mwana padzanja.

Kafukufuku wake anatha pa nthawi yake, ndipo anapambana kuposa onse a m'chaka chake. Aphunzitsi a m'sukulu zija ataona okha kayendedwe ka maso a ana awo, anayamba kufotokoza phunziro m'Chisena kaye asanalowe m'Chichewa. Chaka chisanathe, Yamiko anali m'gulu la ana okweza dzanja.

Tsiku lovala gauni, dzina la Dyna litaitanidwa, nthungululu za amayi a pamsika wa Nsanje amene anabwera pa minibasi yodzaza zinagwedeza holo yonse. Lero Dyna amaphunzitsa aphunzitsi, ndipo amayendabe ndi kamakina kake kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Marka.

Tsono inu amene mukuwerenga nkhaniyi, kaya mukuthamanga kaya mukukwawa ndi chala pamzere, dziwani kuti kuchedwa si kupusa. Mwina chimene chili mwa inu palibe amene wachiyeza bwino. Mayeso akakukanani, kalembeninso. Akakusekani, khalani pampando womwewo mpaka kuseka kutawathera. Dzukani, sasani fumbi, pitani mukagogodenso. Mtima wanuwo musautaye.