Zala za Woswa Miyala

"Chotsa manja akowo pa mwana wanga!" anakuwa mayi wina, wodi yonse n'kutembenuka.

Mtsikana wophunzira unamwino anali atamubaya mwanayo mobwerezabwereza osaupeza mtsempha. Asisitala aakulu anamulanda singano, n'kumutembenuza chikhatho.

"Izi ndi zala kapena makasu? Mayeso a m'wodi ayandikira. Ukalephera, ubwerere komwe unachokera."

Komwe anachokera kunali koswa miyala m'mbali mwa msewu. Makolo atamwalira, nyundo ndiyo inamudyetsa mpaka kumufikitsa kusukulu ya unamwino. Koma nyundo yomweyo inamuumitsa zala ngati chikopa, moti mtsempha sankaumva n'komwe. Anzake ankangomutchula kuti Nyundo.

Atafika kunyumba anapeza amalume ake atakhala pakhonde.

"Ndinanena ine," anatero amalumewo. "Unesi ndi wa ana a manja ofewa. Nyundo yako ija ndakusungira, ili kuseri kwa chitseko."

Mtima unamuwira. Misozi sinatuluke, unatuluka ukali.

"Malume, pakamwa mwagwiritsa kale ntchito. Tsopano ndibwerekeni mkono."

Anawamanga mkonowo ndi mphira, n'kutsinzina, n'kuyamba kufufuza. Chala ichi zii. Ichi zii. Koma kachala kakumapeto, kamene nyundo inakaiwala, kanamva kanthu kofewa kakudidikizika.

Kuyambira pamenepo panalibe mkono wopulumuka. Amalume, eni nyumba, amayi ogulitsa makala, onse anamangidwa mphira. Ena ankathawa akangomuona.

Pa mayeso anamupatsa agogo owonda, mitsempha yawo yobisala. Anzake anagwira pakamwa atamuona akufufuza ndi kachala kaja.

"Ndi chala chimenecho?" anafunsa asisitala.

"Ndi chomwe chimamva, asisitala."

Singano inalowa kamodzi, magazi n'kuonekera.

"Wabaya kale, mwanawe?" anadabwa agogowo.

Asisitala sanamwetulire. Anangoti, "Mawa ubwere kuwodi ya ana."

Lero ndi namwino, ndipo nyundo ija amalume amakhomera misomali.

Tsono inu amene mwalephera kamodzi n'kugona chafufumimba, mukuti dziko lakudani, mukundikwiyitsa. Wakunyozani wakunyozani, basi. Kulira sikupeza mtsempha. Mnzanu anatsala ndi kachala kamodzi, inu muli nazo zonse. Dzukani, sambani m'manja, mubwerere kuwodi mukachite bwino kuposa dzulo.