Tinamuperekeza Tokha Kudepoti

Mawu akuti trafficking ndawaphunzitsa zaka zambiri kusekondale kuno ku Mzuzu, ndipo ndinkawaphunzitsa mosaganizira n'komwe. Ndinkauza ana kuti ndi malonda oletsedwa ndi lamulo, monga a chamba kapena a minyanga ya njovu. Mwana akapeka chiganizo cholondola ndinkachonga, basi tapita pena.

Ku Msongwe komwe ndimachita lendi, aneba anga ndi mayi wamasiye wogulitsa nthochi. Ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, yemwe atalemba Fomu 4 ankangokhala pakhomo. Kenaka kunatulukira bambo wina wa suti, wapakamwa potsekemera, n'kunena kuti kunja kwa dziko kuli ntchito ya m'nyumba, ndipo za pasipoti ndi tikiti aona yekha. Tonse tinati mwayi sudziwika. Kutchalitchi anamupempherera mtsikanayo, amayi anzawo anamugulira chitenje, ine n'kumunyamulira chikwama mpaka kudepoti.

Miyezi yoyamba ankatumiza mauthenga pafoni. Kenaka anati abwana amulanda pasipoti ndipo sakumulola kutuluka pageti. Posakhalitsa foni ija inangoti zii.

Aneba anapita kukadandaula ku ofesi ina m'tauni. Pobwerako anandipeza ndikuchapa pakhonde. Anati kumeneko awalandira bwino, koma aliyense amangobwereza liwu limodzi lachingerezi, ndipo iwo anachita manyazi kufunsa tanthauzo lake. Analitchula movutikira, koma ndinalimva.

Ndinayamba kuzungulirazungulira ngati ndili m'kalasi, za chamba, za minyanga. Anandidula pakamwa.

"Aphunzitsi, mwana wane sadziwa za chamba. Pa nkhani yakeyi katundu ndi uti?"

Ndinangoyang'ana thovu m'beseni. Chiyambireni uphunzitsi, sindinadanepo ndi Chingerezi changa ngati tsiku limenelo. Ndinawauza kuti liwulo amalinenanso pamene chogulitsidwacho ndi munthu.

Anakhala pansi pa sitepe, osalira. Anafunsa ngati katundu wotero amabwezedwa kwa eni ake. Ndinati ena amabwerako, koma za mwana wawo sindikudziwa, ndipo ndinaona kuti kunama kukanakhala kuwalakwira. Anayang'ana kumsewu. Atayankhulanso, mawu awo anali apansipansi.

"Bambo uja ndinamuphera nkhuku. Ndinamugwadira pomuthokoza, ine mwiniwake wa mwana, n'kunena kuti yewo chomene."