Ufa wa tsidya lina la Nasolo

Lero ndinapita ndekha kuchigayo, koyamba chimuikireni mkazi wanga kumanda a ku Misesa. Fungo la ufa wotentha linandibwezera ku Ndirande, tsiku limene ndinayamba kumva mawu ake.

Ana a mbali yathu ya mtsinje wa Nasolo tinali pa mgwirizano ndi ana a kumsika: wamenya mmodzi, wamenya tonse. Tinalumbira ponyambita chala n'kuloza kumwamba. A tsidya lina nawonso anagwirizana ndi a kuphiri. Nkhondo yake inali ya malegeni ndi zibuma, ndipo palibe ankakumbukira chimene chinaiyambitsa.

Tsiku lina chigayo chathu chinafa, amayi n'kundituma tsidya lina. Anzanga anati ndisaope, ndikangoimba likhweru abwera. Potuluka m'chigayomo, thumba lili pamutu, ndinapeza anyamata a kumeneko atatseka njira. Ndinaimba likhweru. Anzanga ndinkawaona bwinobwino pamlatho, koma palibe anawoloka. Ufawo ukanatayika, kunyumba tikanagona ndi njala.

Kenako m'chigayomo munatuluka iye amene anadzakhala mkazi wanga, mlongo wa mtsogoleri wa anyamatawo, atasenza beseni, nsidze zili mbuu.

"Asilikali ako ndi awo akungoonererawo?" anandifunsa.

Anasendera pafupi nane n'kupitiriza.

"Yenda pambali pangapa. Achimwene, mukaponya chibuma chigwera mu ufa wa amayi, ndipo mukawafotokozera nokha."

Anyamata aja anapatuka. Tinatsetsereka mpaka pamlatho, mapewa akugundana. Pamenepo iye anaima n'kuti, "Thumba lakolo likudontha. Gwira apa."