Chitsulo Chodzidzoza Chokha

Pampu ya girisi ya amalume ndinaidziwa itasuluka kale, chogwirira chake atachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Fungo lake linkalowa mpaka m'jekete lawo la kutchalitchi. Musawakweze udindo, amalume sanali dalaivala wa thirakitala. Ntchito yawo pa famu ina ya kumunsi kwa Songani inali kupaka girisi, basi. M'mawa uliwonse ankazungulira thirakitala, pulawo ndi ngolo, kulumikiza pampu pa timilomo tachitsulo totchedwa manipo, n'kupopa mpaka girisi wakale wakuda atatuluka m'mbali mwa pini. Iwo ankati akudyetsa chitsulo. Nafenso tinkadya pomwepo, chifukwa bambo anali atapita kalekale, ndipo amayi ndi ine tinkadalira mlongo wawoyo.

Chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere, ine ndili Sitandade 5, famuyo inagula halo yatsopano, ija ya mbale zachitsulo zophwanyira zibuma. Inafika mu Ogasiti, fumbi lili koboo. Ndikaweruka ndinkawapititsira amalume mbatata yophika, ndipo tsiku limene inafikalo ndinawapeza atagwada pansi pa haloyo, akupapasa mfundo iliyonse. Nipo panalibe ndi imodzi yomwe. Panali kapepala kachikasu kokha, komatidwa pachitsulo, kolembedwa m'Chingerezi. Iwo Chingerezi sankachidziwa, ndiye anandiuza kuti ndikopere mawuwo m'kope langa ndikafunse kusukulu.

Aphunzitsi anawayang'ana mawuwo nthawi yaitali, akukanda m'mutu ndi choko. Mzere woyamba unali wosavuta: musapake girisi. Wachiwiri ndi umene unawatulutsa thukuta. Pomaliza anati mabushi a m'mfundomo, timachubu tomwe pini imazunguliramo, amadzidzoza okha. Anatenga liwu la kutchalitchi poti lina analibe. Lero ndikudziwa kuti m'kati mwa mabushiwo munali atayala kanthu koterera kosafuna mafuta, koma aphunzitsi anati kudzidzoza, ndipo ine ndinalinyamula liwulo mmene linalili mpaka kufamu.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Paja anali mkulu wa mpingo ku Mishoni.

"Kudzidzoza? Iwe, ngakhale abusa amachita kudzozedwa ndi anzawo. Chitsulo ndiye ndani?"

Loweruka lina a kapitawo a pafamupo atapita ku Zomba, amalume anabwereka chobowolera kwa wowotcherera wa pa Songani. Anabowola mfundo zonse za haloyo, n'kulowetsamo manipo akale amene ankasunga m'chitini cha mkaka. Kenako anapopa girisi, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinawomba m'manja.

Mpaka pano alipo anthu kwathu amene amati amalume anali mbuli. Asa! Mbuli ingasunge thirakitala zaka zonse zija osathyoka pini? Onenawo ngakhale sipanala sanaigwirepo. Komabe bodza sindinena: pa chitsulocho analakwitsa. Dothi la m'chigwa mwathu ndi lamchenga, ndipo girisi amaitana fumbi. Ziwirizi zinasakanikirana m'mfundomo n'kukhala phala lokhakhala, limene linapala kanthu koterera kaja mpaka kutha. Pofika Okutobala halo inkayenda gwedegwede, ikulira kwii kwii, mbale zitapendekeka. Mitambo inali itayamba kusonkhana paphiri, theka la munda lisanaphwanyidwe.

Mlandu unakambidwa masana, m'shedi ya thirakitala, ine nditangofika ndi kambale kanga. Mwini famu anaima manja ali m'thumba. A kapitawo anali munthu wabwino, wopemphera mpingo umodzi ndi amalume, ndipo anayesetsa kuwapulumutsa. Anauza bwanayo kuti akuluwa Chingerezi sadziwa, kapepalako sanakamve, ndiye vuto ndi la amene sanawamasulire. Anatembenuka n'kuwafunsa amalume mofatsa ngati si choncho. Chinangotsala n'kugwedeza mutu movomera, nkhani ikanathera pomwepo.

Amalume anapukuta manja ndi sanza, chala chimodzichimodzi, osafulumira. Kenako anandiloza.

"Mwana wa mlongo wanga uyu anandibweretsera mawu onse, ndipo amawerenga bwino kwambiri. Ndinamva, bwana. Ndinapaka dala."

A kapitawo anagwira pakamwa. Mwini famu anafunsa chifukwa chake, ndipo amalume anayankha osakweza mawu. Anati iwo analembedwa ntchito yopaka girisi. Anamva kuti pulawo ndi ngolo zobwera chaka chamawa zidzakhalanso zodzidzoza zokha. Ngati ndi choncho, munthu wamkulu amauzidwa pamaso kuti sakufunikanso, osati kusiyira kapepala kachikasu kuti kamuuze kudzera mwa mwana wa Sitandade 5.

Ndinene poyera: ndimawanyadira. Tinavutika ntchito yawo itatha, ndipo amayi anawakwiyira mpaka kukolola. Ine ndakalamba tsopano, ndagwira ntchito m'maofesi momwe anthu amavomera kutchedwa opusa kuti asunge mpando, ndipo nanenso ndinavomerapo. Amalume anakana, atavala ovolosi yong'ambika pabondo.

Koma tsiku limenelo zonsezi zinandidutsa. M'makutu mwanga munatsala chinthu chimodzi: amawerenga bwino kwambiri. Pamaso pa bwana! Ndinasiya kambale pomwepo n'kuthamanga njira yonse ya m'minda, minga ikundibaya osaimva. Amayi ndinawapeza akupeta mphale pakhonde. Ndinawauza ndili wefuwefu kuti amalume anditama pamaso pa mwini famu, ndipo anena kuti mawu onse anawamva chifukwa cha ine.

Amayi anaika lichero pansi. Anangofunsa ngati amalume ananenadi choncho ndi pakamwa pawo, kuti anamva. Nditavomera, anakhala pansi pafumbi, nkhuku n'kuyamba kujompha mphale iwo osaziingitsa. Ndinaganiza kuti sanamvetse mbali yokomayo, ndiye ndinabwereza mokweza.

Amalume anatulukira pakhomo dzuwa likadali m'mwamba, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakati pa sabata. Ndinasangalala kwambiri. Ndinawachingamira, n'kuwagwira dzanja, n'kufunsa ngati mawanso aweruka msanga chonchi.

"Mawanso, mwanangu," anatero. "Ndi mkuja yemwe."

Ine ndinalumpha ndi chimwemwe.